Munda Umene a Yoramu Anautentha

M'dothi limene a Yoramu anatapa ndi dzanja munali nyongolotsi imodzi yofiirira, yodulidwa ndi khasu chakumchira koma ikupindikabe. Anandionetsa monga munthu amaonetsera mwana wake woyamba. Tinali m'munda mwawo ku Nsadzo, m'chaka cha 1985, nkhondo ikumveka patali.

Mundawo anaulandira uli wakufa. Thonje lokakamiza la nthawi ya atsamunda linausiya wotuwa, wouma gwa ngati bwalo. Chimanga chinkalekeza m'mawondo. Kaufiti yekha ndiye ankakondwa.

Njira yawo inali yosavuta kuifotokoza koma yovuta kuipirira: sankatentha. Nyengo yososa, anzawo akamayatsa minda ndi kukumba mbewa pa lupsa, iwo ankakwirira mapesi m'mizere. Ziphukira za msangu sankazidula. Pakati pa chimanga ankadzala nandolo, ndipo m'mbali mwa khwawa anasiya tsekera ndi zitsamba kuti zikule.

"Bambo Yoramu, mukulima kapena mukuweta njoka?" anthu ankawaseka.

"Njoka sidya chimanga, achimwene. Imadya mbewa zanu zomwezo."

Patapita zaka, khwawa linaleka kumeza munda. Nkhwali zinaikira mazira m'tsekera, njuchi zinalowa m'mphako, agwape anayamba kusiya mapazi m'mizere. Osekawo ankabwera kudzasuma chimanga, ngakhale kuti palibe mmodzi amene analeka kutentha.

Koma nkhondo ili ndi maso akeake. Pamene mlimi amaona chinyontho, msilikali amaona pobisalira. M'chaka cha 1986 kunabwera lamulo lakuti thengo lonse loyandikana ndi msewu lipse, ndipo mwini munda wowirira adzayesedwa wodyetsa adani. A Yoramu anazengereza. Akazi awo, a Luisa, sanazengereze.

"Akakuphani, nkhwali zanuzo ndizo zidzakumbe manda?"

A Yoramu anayatsa okha mundawo. Ankaganiza kuti motowo ungowaula pamwamba monga umachitira m'minda ya anzawo. Anaiwala kuti minda imeneyo ilibe choti chipse. Wawo unali ndi zinyalala za zaka zambiri, ndipo moto unalowa pansi, unadya mizere, unaumitsa misangu ili chiimire. Mvula yoyamba inakokolola phulusa lonse kupita nalo kukhwawa.

Motowo sunagule mtendere. Chimanga chisanache mudzi unathiridwa nkhondo, mwana wawo Agostinho anatengedwa ndi anthu amfuti, otsala anathawira ku Zambia podzera m'tchire la kufupi ndi malire a pa Cassacatiza.

A Yoramu ndinawapeza kumeneko, kumsasa wa othawa nkhondo, akupalira kadimba kobwereka. Mapesi anali atawaunjika pakona kuti awatenthe, chifukwa mwini malo ankafuna choncho. Ndinawafunsa ngati nkhondo ikadzatha adzayambanso ntchito ija ku Nsadzo.

Anayang'ana khasu lawo kaye.

"Iyayi. Msangu umachedwa kukula, ndipo ine mawondo atha. Mwina Agostinho, ngati ali moyo."