Ngalawa za Aphunzitsi, Mbiya za Amalume

Aphunzitsi athu anali ndi hamala yamtengo. Sinali yokhomera misomali ayi. Mutu wake unali wautali ngati chitsononkho, wakuda bii, womangidwa ndi timphete tachitsulo uku ndi uku, ndipo ukaiyandikitsa pamphuno inkanunkha phula. Inkakhala patebulo lawo m'kalasi, pasukulu ina ya ku Karen mu Nairobi, kumene bungwe lomwe amayi ankagwirako ntchito linkatumiza ana a antchito ake. Tikasokosa ankaimenyetsa patebulo kamodzi, gu! ife zii. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo inali nyengo ija ya Juni ndi Julaye pamene dzuwa la ku Nairobi limapita kutchuthi, m'mawa chifunga chili tolo, zala zochita kuuma m'matatu, maminibasi a kumeneko.

Aphunzitsiwo anali Mdatchi, mayi wamtali moti pakhomo la kalasi ankachita kuwerama. Hamalayo inali ya makolo awo, okhoma ngalawa zikuluzikulu zamatabwa. Ankakhomera nayo zingwe zonyika m'phula m'mipata ya matabwa kuti madzi asalowe. Pakhoma kumbuyo kwawo panali chipepala chachitali m'galasi, mndandanda wa mibadwo khumi ndi umodzi ya banja lawo. Pamwamba penipeni panali bambo wina amene, zaka mazanamazana zapitazo, anapeza kamalo m'mbali mwa mtsinje n'kuyamba kucheka matabwa ndi makina oyendera mphepo. Iyeyo anabereka wokhoma ngalawa, amenenso anabereka wokhoma ngalawa, mpaka pansi. Mayina anali awiri okha, agogo ndi mdzukulu kumangobwerekana ngati jekete la kutchalitchi. Ana aamuna ankakwatira ana a opota zingwe ndi a osoka matanga, kuti ntchito isatuluke pakhomo. Mmodzi anakhoma ngalawa yomwe inapendekeka tsiku loilowetsa m'madzi, ndipo aphunzitsi ankamutchula motsitsa mawu, ngati nkhaniyo yachitika dzulo. Anthu amenewa tinkawadziwa kuposa masamu athu.

Tsiku lina anatigawira mapepala a timabokosi. Pansi uzilemba dzina lako, pamwamba pako bambo ako, pamwamba pawo bambo awo, mpaka pamene ungafike, aliyense ndi ntchito yake. Akazi anali ndi timabokosi ting'onoting'ono cham'mbali. Pa tsiku la makolo mapepalawo adzamatidwa muholo, ndipo mwana aliyense adzaimirira n'kuwerenga lake.

Anzanga anasangalala. Ine ayi. Bokosi loyamba lenilenilo, la pamwamba pa mutu wanga, ndinalibe choti ndilembemo. Bambo anga sindinkawadziwa, ngakhale dzina. Ndikafunsa, amayi ankangoti ali kutali ndi ntchito, ndipo mwana wokhuta safunsa kawiri. Koma tsopano ndinkadziona nditaima pamaso pa makolo a sukulu yonse, pepala lili mbee, aliyense akudziwa kuti ine ndine mwana wopanda bambo. Ndinkachita mantha, ndinene zoona, mantha osowetsa tulo.

Loweruka m'mawa amayi akundiluka tsitsi pakhonde la nyumba yathu ku Donholm, ndinawafunsa dzinalo. Anakoka tsitsi mpaka maso anga anatong'oka.

"Khala bwino, ukundikhotetsa mzere. Tilemba mawa."

Mawa la amayi linali ngati basi ya kumudzi, umangomva kuti ikubwera.

Amene anatola pepalalo pampando anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Iwowa anabwera ku Nairobi kudzaphunzira za ubusa, koma iwo ndi aphunzitsi awo anasemphana pa nkhani yoti akuphunzitsa mnzake ndani, motero anatsikira pabalaza pathu n'kukhazikika. Chiswahili ankadziwa mawu atatu, ndipo onsewo anali otsutsira mtengo wa zinthu. Mtsutso unali chakudya chawo. Akasowa wotsutsana naye ankatsutsa wailesi.

Ndinawafotokozera za ngalawa ndi mibadwo khumi ndi umodzi. Anavala magalasi, analiyang'ana pepalalo, analitembenuza, ngati dokotala woona chithunzi cha fupa lothyoka.

"Amuna okhaokha mpaka kumwamba? Nanga anawabereka ndani, ngalawazo? Adatchi timawadziwa ife, anatiphunzitsa katekisimu, koma apa aphonya. Mphwanga, ife ndife Achewa. Mtundu umayenda ndi bere. Bweretsa cholembera."

Vuto linali loti amalume ankadziwa amayi awo ndi agogo awo, basi. Ndiye tinapita pa kiyosiki ya foni cha ku Outer Ring Road kukaimbira kumudzi ku Ntchisi. Kumeneko foni inali imodzi, ya mwini golosale, ndipo anachita kutuma njinga kukatenga amayi awo aang'ono a amalume. Titaimbanso, amalume anakuwa mokweza moti ogulitsa chimanga chootcha anasiya kukupiza moto.

"Ndikufuna mayina a amayi onse amene anamwalira! Onse! Kuyambira pachiyambi!"

Gogoyo anafunsa kuti kodi kwagwanji, ndipo akufuna kulanda dimba ndani. Kwathu munthu sawerenga akufa popanda mlandu wa malo. Amalume anayesetsa kufotokoza kuti ndi za kusukulu, koma ndani akanakhulupirira kuti munthu angaimbe foni kuchokera ku Kenya chifukwa cha homuweki? Tinamva pambuyo pake kuti sabata yomweyo abale anadzala khonje kuzungulira dimba lonse ndipo anasiya kulankhulana ndi a kutsidya kwa mtsinje. Mpaka lero sakupatsana moni bwinobwino, ndipo chifukwa chake ndine.

Pa foniyo tinapezapo mibadwo isanu. Mayina awo enieni panalibe amene ankawadziwa, poti munthu wamkulu satchulidwa dzina. Onse anali Nabanda, chifukwa kale chiwongo chinkatsata mayi. Isanu kwa khumi ndi umodzi! Ndinayamba kulengeza misozi. Amalume anang'amba kalendala ya chaka chatha, namata mapepala ake kumsonga kwa pepala langa, ndipo analemba a Nabanda ena asanu ndi awiri, mmodzi pamwamba pa mnzake.

"Amalume, si bodza limeneli?"

"Bodza lake liti? Wachisanuyo anagwa kumwamba ngati matalala? Anali ndi amake. Amakewo anali Nabanda. Lemba."

Ndakhala zaka zambiri ndikufunafuna pamene mfundo imeneyi yalakwika, ndipo sindinapapezebe.

Pa ntchito analemba kuti onse anali oumba mbiya. Awiri ankaumbadi. Za enawo anati, "Nanga madzi ankatungira m'manja?" Amuna anawaika m'timabokosi tija tam'mbali, ndipo poti mayina awo sitinkawadziwa, ankangolemba kuti mkamwini. Bokosi la bambo anga analimata ndi kapepala, n'kulembapo dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake: mwini mbumba.

Apa ndinakana. Ndinati aphunzitsi anena kuti bambo, sananene amalume.

"Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kutereleka," anatero amalume. "Malume ndiye satereleka. Ukundiona ndachokapo pabalaza pano?"

Amayi anali kukhitchini akuwaza sukuma, ndiwo zamasamba za ku Kenya. Mpeni unaima pang'ono. "Achimwene, mwanayo musakamuchititse manyazi," anangotero, mpeni n'kuyambiranso.

Tsiku la makolo linafika kukuwaza kamvula kozizira. Pepala langa linali litatalika kuposa ine, lokulungidwa ngati mkeka, ndipo kondakitala wa matatu anafuna kuti likwere padenga. Amalume, ali m'suti yawo yakuda yomwe anagulira ubusa, anagwiritsa ntchito mawu awo atatu onse aja mpaka pepala linakhala pampando, iwo n'kudzipanikiza pakhomo. Tinatsikira m'tauni, tinakwera ina ya ku Karen. Njira yonse amayi ankangokonzakonza kolala ya yunifolomu yanga yomwe inali yokonzeka kale.

Muholo munkanunkha polishi ndi majuzi onyowa. Mapepala anali ndandanda pakhoma, langa lokha likulendewera mpaka pansi, kumbuyo kwake kukuoneka masiku a Okutobala. Anzanga anawerenga za agogo awo madokotala, asilikali, oyendetsa sitima. Kenako anaitana ine.

Ndinayamba kuwerenga. Ine, mwana wa Nabanda, mlembi wa mu ofesi, mwana wa Nabanda woumba mbiya, mwana wa Nabanda woumba mbiya. Pofika wachisanu ndi chimodzi makolo anayamba kumwetulira. Pofika wachisanu ndi chinayi ana a kumbuyo ankandiyankhira ngati kwaya, "Nabanda!" Nditamaliza wa khumi ndi chiwiri holo yonse inawomba m'manja, ine n'kuganiza kuti ndapulumuka.

Aphunzitsi anayandikira, akumwetulira, opanda choipa chilichonse mumtima. Ndikuwaikira umboni lero, mayi uja sankadziwa kanthu. Anati ndi zokongola kwambiri, koma nanga bambo ako ali pati? Tiuze dzina lawo lokha.

Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana chikwama chawo.

Mpando unalira kumbuyo. Amalume anali ataimirira, akumanga batani la jekete, ndipo anayamba ndi Chingelezi chawo cha paguwa chomwe Nairobi anakana kuchimva. Anathokoza aphunzitsi, anathokoza makolo, anathokoza dziko la Kenya. Kenako anati ali ndi kafunso kakang'ono. Amuna khumi ndi mmodzi aja, okhoma ngalawa, anayamwa bere la yani? Anafotokoza kuti ngalawa ndi mbiya ndi ntchito imodzi, kungoti ina imaletsa madzi kulowa, ina imaletsa madzi kutuluka, ndipo mwa ziwirizi yovuta ndi ya mbiya chifukwa woumba alibe phula lobisira zolakwa zake. Anawonjezera kuti m'mbiri ya banja lathu simunamvekepo mbiya yopendekeka tsiku loyamba. Ine ndi amene ndinawauza za ngalawa ija, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amalume anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Mayi, tatiuzani dzina la amake a amake a amayi anu."

Nkhope ya aphunzitsi inafiira ngati phwetekere. Kenako nawonso anaphulika kuseka, navomera kuti sakulidziwa. Anati iwo eni ake pa chipepala chija ali m'tizilembo ting'onoting'ono pakona, kuti mzere unapitirira mwa mchimwene wawo amene amagulitsa mafiriji ndipo sanagwirepo thabwa chibadwire, ndipo hamala ija anachita kuitenga mozemba.

Munthu wina akanakhala pansi pamenepo, mlandu atawina. Amalume ayi. Anapitiriza za dothi la mbiya, za kaotchedwe kake, za Yeremiya ndi woumba, za udindo wa malume, akuyang'anayang'ana wotchi ya pakhoma. Amayi sanawakoke jekete monga ankachitira kutchalitchi. Analankhula mpaka belu la tiyi linalira, mawu atasasa. Ana atatu otsala sanawerenge mapepala awo, ndipo funso la aphunzitsi palibe amene analikumbukiranso.

Pa tiyi anzanga anandizungulira, aliyense akufuna kukhala Nabanda. Ndili pakati pa ulemerero umenewu, kunabwera bambo wina wa suti yotuwa, Mmalawi, mkazi wake ali pambali. Anapatsa amayi moni wa patali, mwaswera bwanji, taswera bwino kaya inu. Amalume, amene akamva Chichewa mu Nairobi ankawoloka msewu wa magalimoto anayi kukagwira munthu chanza, anatembenuka n'kuyamba kusankha mandazi mosamala ngati akugula mbuzi. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wawerenga bwino, mwana," anatero, tiyi akutayikira m'sosala.

Ndinati zikomo, ndipo mumtima ndinawadandaula amalume chifukwa cha mwano.

Amayi anadzandiuza ndili ndi zaka makumi awiri, tikusenda mbatata, osandiyang'ana, kuti bambo wa suti yotuwa uja ndiye bambo anga. Dzina lomwe ndinalisaka nyengo yonse yozizira ija linali pakhoma lomwelo, mapepala atatu kuchokera pa langa, lolembedwa bwinobwino m'bokosi loyamba la mtsikana amene ankakhala kutsogolo kwanga m'kalasi n'kumandibwereka labala. Ndinaliwerengapo m'mawa womwewo, n'kusirira kalembedwe kake. Mtsikanayo anali woti awerenge pambuyo panga.

Koma tsiku limenelo, m'matatu obwerera ku Donholm, zonsezi sindinkazidziwa. Amayi anayang'ana pawindo kuyambira ku Karen mpaka m'tauni, ngakhale galasi linali ndi nthunzi ndipo kunja sikunkaoneka kanthu. Amalume, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sanatsutsane ndi kondakitala. Ananyamula chikwama cha mlongo wawo pamiyendo. Ine ndinali pakati pawo, ndikuwerenga pa zala, khumi ndi iwiri kwa khumi ndi umodzi, ndikudabwa kuti anthu awiriwa sakusangalala bwanji. Ndinkaganiza kuti tinapita kukapikisana ndi Mdatchi.