Chithunzi Chomata ndi Phala la Chinangwa

Lukiya wa pa Nselema anasiyira sukulu Fomu 2, makolo atamupezera mwamuna, Uladi, telala wosokera pakhonde la golosale. Chizungu chimene anatsala nacho chinkagwira ntchito imodzi basi: kuwerenga nyuzipepala zakale zimene Uladi ankadulirapo mapatani a madiresi. Zotsala ankazimata pakhoma la kuchipinda ndi phala la chinangwa, kuti dothi lisamayoyokere pamkeka pamene ankagoneka Nafisa, mwana wake woyamwa.

Pakati penipeni anamatapo tsamba limene ankalinyadira. Panali chithunzi cha a Sabiti, phungu wa dera lawo, akugwirana chanza ndi Mtsogoleri wa dziko, onse akumwetulira. Mawu a pansi pake ankati a Sabiti ndi mwana wokhulupirika. Uladi anang'ung'udza kuti ashehe amaletsa zithunzi m'nyumba.

"Ichi angachiletse ndani?" anatero Lukiya, ndipo Uladi anangokanda m'mutu.

Amayi a pamudzi ankabwera kudzachiona, iye n'kumawamasulira mawuwo m'Chiyao. Onsewo anali atawavinira a Sabiti tsiku limene anadzatsegulira mjigo, mpaka fumbi koboo.

Mwezi wa Novembala, Lolemba masana, wailesi inalengeza kuti a Sabiti achotsedwa m'chipani, ndi woukira. Chimene anachita sanachinene. Lukiya anasanthula nyuzipepala ya tsiku lotsatira kuyambira kutsogolo mpaka kumasewero, koma dzinalo munalibe, ngati munthuyo sanabadwe n'komwe.

Kumjigo nkhani inali itapsa kale.

"Ine ndinawaona kalekale, maso aja si a munthu wabwino," anatero mayi amene anatsogolera nyimbo tsiku la kuvina.

"Ngakhale madzi akewa ngamchere," anatero wina, akupopa madzi omwewo.

"Koma alakwa chiyani?" anafunsa Lukiya.

Mjigo unasiya kulira. Kenako mayi wa nyimbo uja anati, "Utiuze ndiwe, wophunzira iwe. Suja uli nawo pakhoma?"

Lukiya anabwerera ndowa ili theka. Ankadziwa kuti Loweruka Che Pitala, tcheyamani wa nthambi ya chipani, adzayenda khomo ndi khomo kuona makadi a chipani. Ankadziwanso kuti chithunzi cha woukira chikapezeka m'nyumba, ayufi, anyamata a chipani, amatenga mwini nyumba. Anthu ankanong'onezana za bambo wina wa kwa Mposa amene anatengedwa chaka chatha ndipo mkazi wake akudikirabe.

Uladi atabwera madzulo, anaima onse awiri kuyang'ana khomalo.

"Ng'amba," anatero Uladi.

"Phala linauma, bambo a Nafisa. Ndikakoka, ang'ambika onse awiri. Mukufuna ndiwang'ambe nkhope enawo?"

"Iyayi! Tsitsa mawu. Dula ndi lezala, uchotse mmodzi."

"Manja agwirana. Ndidula dzanja la ndani?"

"Zira ndi dothi."

"Ndipake matope pankhope ya Mtsogoleri?"

"Ndiye phimba ndi mkeka."

"Adzati tikubisa chiyani?"

Uladi anakhala pansi, nagwira tsaya. Kulisiya unali mlandu, kulichotsa unalinso mlandu. Lukiya anawerenganso mawu aja akuti wokhulupirika. Zilembo zinali zomwezo, za nyuzipepala yomweyo imene aliyense ankaikhulupirira. Nanga inanama liti, nthawi ija kapena tsopano? Anafuna kufunsa, koma anakumbukira mmene mjigo unakhalira chete.

Lachitatu kum'mawa kunachita mitambo yakuda. Uladi atapita ku mashini ake, Lukiya anabereka Nafisa, nasuzumira panja kawiri, n'kukwera pamtondo. Anazula udzu wa denga manja atatu, pamwamba penipeni pa chithunzicho, mpaka kumwamba kunaoneka. Udzuwo anasonkhezera moto.

Mvula inagwa masana omwewo, n'kugwanso Lachinayi ndi Lachisanu. Madzi ankatsetsereka pakhoma ngati thukuta. Pepala linafufuma, linada, nkhope ziwiri zija zinasungunukira pamodzi, kenako zonse zinagwa pansi pamodzi ndi chibuma cha khoma. Lukiya sanakhudze ngakhale ndi tsache. Anasamutsira mkeka pabalaza, koma chinyezi chinawatsatira, ndipo Nafisa anayamba kutsokomola. Chifuwa chilichonse chinkamubaya mayiyo mumtima. Ankadzifunsa ngati wapulumutsa bambo n'kudwalitsa mwana.

Loweruka Che Pitala anafika atafunda thumba la feteleza. Anapereka salamu, anaona makadi onse awiri, kenako anati, "Ndamva muli ndi chithunzi chokongola. Ndichione nawo."

Uladi anawatsogolera kuchipinda. Che Pitala anayang'ana khoma lonyowalo, anayang'ana matope pansi, kenako anakweza maso kudenga. Bowolo linali lozungulira bwinobwino, loti mphepo singabowole chotero. Anakhala akuliyang'ana nthawi yaitali, moti Lukiya ankamva madontho akugwera m'beseni.

"Denga lanu ladontha molunjika bwanji, amake Nafisa," anatero.

"Ee, bambo. Mvula."

"Mvula." Che Pitala anapukuta magalasi awo ndi malaya. "Kwathunso ladontha. Khoma limodzi lokha. Mwanayo mupite naye kuchipatala, chifuwa icho."

Anafunda thumba lawo natuluka. Lukiya anaima pakhomo kuwayang'anira mpaka analowa nyumba yotsatira, osacheuka.

"Akutanthauza chiyani?" ananong'ona Uladi. "Nawonso anali nacho? Kapena akutiyesa?"

Lukiya anadikira ayufi tsiku limenelo, anawadikira sabata yonse, galimoto iliyonse yodutsa pamsewu ikumuimitsa mtima. Sanabwere. Lolemba linalo Uladi anakwera padenga ndi mtolo wa udzu wopempha kwa mlamu wake, ndipo ali pamwambapo anaitana mkazi wake motsitsa mawu. Anati akuona madenga ena anayi okhala ndi zigamba za udzu watsopano, limodzi la mayi wa nyimbo uja.