Chipewa changa chofiira pa ayisi

Madalitso, mwana wa achimwene anga, lero ndikukonza m'kabati ndapeza chipewa changa chofiira chija, ndipo ntchito yathera pomwepo. Ukukumbukira tsiku loyamba limene ndinabwera kudzakuonera ukusewera hoke ya pa ayisi, masewera omenya kamphira ndi ndodo aja? Ndinachita kuchokera kutchalitchi ku Salford nditatchena, osadziwa kuti m'bwalo la masewerawo mumazizira ngati mufiriji. Unali utangosaina kumene kontirakiti yako yoyamba, ukusewera pakati. Kamphira kakuda komwe munkalimbirana sindinkakaona n'komwe, koma iwe ndinkakuona, chifukwa onse ankangothamangira kumbuyo kwako.

Utagoletsa chigoli chachitatu, anthu anayamba kuponya zipewa m'bwalo. Ine ndinapsa mtima. Kwathu ku Ndirande anthu akayamba kuponya zinthu m'bwalo ndiye kuti zavuta, ndipo munthu wakuda pa ayisi paja unalipo wekha. Ndinaimirira n'kuyamba kuwalalatira azungu aja m'Chichewa. Unabwera pagalasi lotchinga bwalo ukuseka, n'kukuwa m'Chichewa chako chopotoka chija: "Anti, akundilemekeza. Ponyaninso chanu." Ndinaponya, ndipo pa mulu wonse uja unatola changa chokha, n'kuzungulira bwalo utachivala pamwamba pa helemeti. Masewera atatha unandibwezera. Unapitiriza kugoletsa chaka ndi chaka, mpaka matenda anakulanda m'manja mwathu ukadali mnyamata. Chipewachi chikadali ndi banga pomwe chinanyowa. Sindinachichape ndipo sindichivalanso. Ndinachiponyera iwe, ndi chako.