Mmene Ndinatayira Wongani pa Mademo

"Amake Lusungu, inu mmene mumaonekera ofatsamu, munayamba mwapondako ku mademo?"

Anandifunsa choncho a NyaMhango, oyandikana nawo nyumba kuno ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, tili pampopi kudikira madzi omwe ankadontha ngati tikuchita kuwapempha. Ana a sukulu ya ukachenjede anali atangodutsa kumsewu ndi zikwangwani zawo, akuimba, ena atanyamula nthambi. Ndinaseka mpaka ndowa inapendekeka. Ndinati, "Mama, ine ndinapitako ndisanamere n'komwe mawere. Ndinapita ndi mwana, ndinatulukamo wopanda mwana." Iwo ankayesa ndikucheza. Ndiye ndati ndingolemba, wofuna kudziwa aziwerenga yekha, ine ndizichapa matewera.

Ndikukumbukira kuti ndinali Sitandade 4, tikukhala ku Chibanja m'nyumba ya lendi yomwe khoma lake linkamera ndere nthawi yozizira. Chinali chaka chomwe shuga anasowa. Tiyi tinkamwa wopanda kanthu, n'kumalumirako mbatata kuti lilime linamizike. Galimoto zinkagona pamzere kudikira mafuta mpaka madalaivala anayamba kuyanika zovala pamagalasi. Adada anali telala pakhonde la sitolo ina m'tauni, amama ankagulitsa tomato mumsika. Ine ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali Wongani.

Wongani ndi mlongo wanga. Nthawi imeneyo anali asanayambe kuyenda, koma kulemera kwake ngati thumba la simenti lonyowa. Ankadya chilichonse chomwe dzanja lake lafikapo: phala, dothi, sopo, tsitsi langa. Ndinkadandaula naye tsiku lililonse, komabe mtsikana wina akati amunyamuleko ndinkakana. Anali wanga.

Tsopano kuti mumve bwino nkhaniyi, muyenera kudziwa za nsalu. Amama anali ndi nsalu za zipani zonse. Si kuti ankakonda ndale, ayi. Galimoto ya chipani ikabwera kudzagawa nsalu, iwo ankavina, kuimba nthungululu, kulandira, n'kubwerera ku tomato wawo. Sabata inayo kubwere chipani china, ankavinanso ndi chiuno chomwecho. Ankati, "Nsalu ilibe mlandu." Choncho m'nyumba mwathu atsogoleri onse a dziko lino ankagwira ntchito. Wina anali katani ya pakhomo la kuchipinda, wina ankafunda tomato, wina tinkapukutira mapazi tikachokera m'matope. Ya chipani cholamula inali yolimba kuposa zonse, yosasuluka, ndiye inakhala mbereko ya Wongani. Ukamubereka, nkhope ya Bwana inkakhala ndendende pamatako pake, ikumwetulira.

M'mawa wa tsikulo kunali chifunga, chija cha ku Mzuzu chomwe umatha kugundana ndi mbuzi n'kuipepesa. Aphunzitsi anali atatiuziratu kuti tisabwere kusukulu. Adada analawirira kukachotsa makina awo pakhonde paja, amama nawo ankathamangira kumsika kukabisa katundu. Potuluka anandiloza chala.

"Temwa, mwana uyu ndakusiyira iwe. Mwendo wako usadutse ngalande iyo."

Ndinavomera ndi mtima woona. Ndinasesa, ndinatsuka mbale, ndinamudyetsa Wongani. Kenako mphepo inabweretsa nyimbo.

Chomwe chinandikoka si ndale. Kumsewu waukulu kunkamveka ng'oma, mawezulo, ndi kuimba kokoma kuposa kwaya ya kutchalitchi kwathu, yomwe inkaimba ngati yagona ndi njala. Ndinapirira pang'ono. Mapazi anayamba okha kuvina pakhonde. Ndinamumanga Wongani kumsana, ndinamuveka chisoti chake chobiriwira cha ulusi, n'kunena kuti ndikangosuzumira basi.

Kumsewuko ndinapeza Mzuzu yense. Anyamata a kabaza atamangirira nthambi panjinga zawo, azimayi a mumsika, azibambo a m'maofesi atabisa mataye m'thumba, ngakhale mkulu wa mpingo wina yemwe ankatiletsa kuvina. Bambo wina wa chimanga chootcha ankayenda ndi mbaula yake m'mbali mwa gulu, akudandaula kukwera kwa zinthu uku akukweza mtengo wa chimanga chake. Kunkanunkha thukuta, utsi wa matayala ndi dothi lonyowa. Kutsogolo mnyamata wina wa mawu aakulu ankafuula, "Shuga ali kuti?" Ife tonse: "Ali m'mimba mwawo!" Ndinkayankha nawo ndi mtima wonse, pakuti nkhani ya shuga ndinkaidziwa bwino kuposa masamu. Wongani ankadumphadumpha kumsanaku, akuomba mutu wanga ngati ng'oma. Kunena zoona, chibadwire ndinali ndisanasangalalepo chotero. Munthu wa Sitandade 4 kunyoza boma masanasana, popanda wokutsina khutu! Zosuzumira zija ndinaziiwala. Ndinangoona kuti nyumba za Chibanja zatsalira kumbuyo.

Tikuyandikira m'tauni chifunga chinayamba kuchoka, ndipo apa m'pomwe anthu anayamba kuona bwino zomwe anzawo avala.

"Eh, eh, eh! Taonani kamtsikana aka! Kabereka ndani?"

Anali mayi wina wamkulu thupi, wa ku Nkhata Bay, wogulitsa nsomba. Anthu ankawatchula kuti a NyaChirwa, ndipo mawu awo ankafika iwo asanafike. Anandigwira paphewa n'kunditembenuza ngati nkhuku ya pamsika kuti gulu lione kumsana kwanga.

"Kumtunda kabereka mwana, kumunsi kabereka Bwana! Iwe, wakutuma ndani?"

"Palibe, mama. Ndi mbereko chabe."

"Mbereko! Ife tikulira shuga, iwe ukumuyendetsa munthuyu pamsana ngati alibe galimoto?"

Anthu anatizungulira. Ena ankaseka, ena sankaseka. Mnyamata wina wa maso ofiira anati, "Imeneyo tiotche."

Ndiye Wongani, yemwe anali asanapiteko kumsonkhano wa ndale uliwonse, anapereka maganizo ake. Ndinamva kufunda kumsana, kukutsetsereka. Thewera lake linali lija la nsalu, losasunga chinsinsi. Nkhope ya Bwana inayamba kunyowa kuchokera pamphumi, kutsika pamphuno, mpaka kudontha pachibwano, iye akumwetulirabe.

Anthu anafa nalo phwete. A NyaChirwa anaimba nthungululu n'kumuthokoza Wongani m'Chitumbuka.

"Yewo chomene, dada! Mwana wayankhula! Mtsogoleri wa mademo ndi uyu!"

Anamasula mfundo pachifuwa panga ndisanati n'komwe dikirani. Anamukweza Wongani m'mwamba ngati chikho cha mpira, ndipo nsalu ija inapita m'manja mwa anyamata. Anaikoleka pandodo, kuyesa machesi, koma yonyowa choncho inkakana kuyaka, inkangofuka utsi wa fungo lomwe mukulidziwa. Mapeto ake wina anaiponya patayala lomwe linkayaka kale.

Anandibwezera mwana wanga akuombabe m'manja. Ndinkaseka nawo, koma maso anga anali pansalu ija ikupsa. Anthu akuluakulu onsewo sanaganize chinthu chomwe mtsikana aliyense wolera mwana amadziwa: mwana ngati Wongani sunganyamule m'manja mtunda wautali. Popanda nsalu ndinalibe pomuika. Ndinamukhazika m'chiuno, akutsetsereka, ine kumukweza, iye kutsetserekanso. Ndinati ndibwerere kunyumba, koma kumbuyo kunali khamu, kutsogolo khamu.

Kenako kunamveka phuu! phuu! Ndinaona tizitini tikugudubuzika pamsewu, tikutulutsa utsi woyera. Ndinkayesa chifunga chabwerera. Koma chifunga sichiluma. Utsi wokhetsa misozi umakhala ngati wina wakupaka tsabola wa kambuzi m'maso, m'mphuno ndi kukhosi nthawi imodzi, n'kukuuza kuti thamanga. Anthu anabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Azibambo omwe ankati lero afera dziko ndinawamva akudumpha mipanda ya eni. Wina anandiponda patapata n'kuduka. Ndinagwada pansi ndi mwana, ndikutsokomola, osaona kanthu. Wongani sankalira. Ankangotsegula pakamwa ngati nsomba ya pamchenga, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira.

Dzanja lina linamutsomphola m'manja mwanga.

"Bwera naye kuno! Thamanga pambuyo panga!"

Mawuwo ndinawadziwa, anali a NyaChirwa. Ndinadzuka, ndinathamanga, koma pambuyo pa ndani? Maso anali atatsekeka. Mmene ndinkawatsegula ndinali kuseri kwa galaja ina, mayi wina wosamudziwa akundithira madzi a m'chigubu kumaso. M'manja mwanga munalibe kanthu.

Apa nthabwala zinayamba zathapo. Ndinayenda phazi limodzi lili pansi, ndikufunsa aliyense, "Mwaonako mayi wonenepa ali ndi mwana wa chisoti chobiriwira?" Ku Mzuzu azimayi onenepa okhala ndi ana alipo ambiri chomene. Ena ankati ndipite kupolisi, koma apolisiwo ndi omwe ndinali nditangowathawa. Ena sankandimva n'komwe, anali otanganidwa ndi katundu wa m'masitolo a eni. Ndinakumana ndi bambo atasenza matiresi, mnzake akumutsatira ndi nsapato zodzaza m'manja, zonse za phazi limodzi. Tsiku lina ndikanaseka. Chisoti chija ndinachiona m'ngalande chitapondedwapondedwa, ndipo sindinachitole. Ndinkaona ngati ndikachitola ndiye kuti ndavomera.

Ndinaganiza zosabwereranso kunyumba. Ndinaganiza zokwera basi ya ku Karonga n'kukakhala wantchito wa munthu mpaka kukalamba. Chomwe chinandithandiza ndi nsomba. Amama ankadziwana ndi azimayi a tomato onse, mpaka nyumba zawo. Ndinati a nsomba nawo ayenera kuti ndi chimodzimodzi. Kuseri kwa depoti ndinapeza mayi wina akukoka dengu la usipa, ndinamufunsa.

"NyaChirwa wa pakamwa uja? Amakhala ku Chibanja, kuseri kwa chigayo. Wakutukwana nawenso?"

Ku Chibanja kwathu komwe! Ndinathamanga osamva miyala.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atatambasula miyendo, maso ali psuu ngati anga. Wongani anali kumsana kwawo, ali m'tulo, atafumbata chidutswa cha chinangwa. Anali atamusambitsa kumaso, atamumwetsa phala. Ndinakhala pansi n'kulira misozi yomwe utsi uja unali utaisiya.

"Ukulira chiyani? Wafa ndani? Ine ndatopa kumufunsa mwanayu kwawo, sakuyankha."

Nditapukuta m'maso ndinaona nsalu yomwe anamuberekera. Inali yotembenuza, kunja kuli m'kati, koma nkhope inkaonekabe, ikumwetulira pamatako pomwe paja. Ya chipani cholamula. Anali ataivala m'kati mwa chitenje chawo tsiku lonse, akunyoza nayo boma.

"Mama, nsaluyo..."

"Khala chete. Kukuzizira. Ukufuna ndife ndi chibayo chifukwa cha ndale?"

Anandiperekeza okha kunyumba. Tinapeza amama ali pabwalo, atazungulira kale makomo onse, mawu atatha. Sanakuwe. Anamulandira Wongani n'kumuyang'ana zala, makutu, mimba, ngati akusankha tomato. Anagwada n'kuthokoza, "Yewo, mama, yewo chomene." Atati abweze nsalu, a NyaChirwa anakana, anati kunyumba ali nazo zina. Alendo atangokhota pangalande, mthiko unandipeza. Adada atabwera madzulo anamva nkhani yonse, kenako anandifunsa, "Nanga shugayo mwabwera naye?"

Masiku ano mademo amayambira pafoni. Anthu amadziwiratu tsiku, njira ndi kothawira, amanyamula botolo la madzi ndi kansalu konyowa. Nsalu za zipani zikugawidwabe, nkhope zokha n'zomwe zimasintha. Nanenso ndili nazo zanga, ndipo mwana wanga Lusungu amagonera imodzi. Ndikamva kuimba kumsewu mapazi amandiyabwabe, sindinama. Odutsawo ndimawapatsa madzi akumwa, chifukwa zomwe akulirazo nane ndimagula pagolosale yomweyo. Koma ndisanatuluke pageti ndimayamba ndaganiza za yemwe ali kumsana kwanga. Wongani pano amayendetsa kabaza ya njinga yamoto m'tauni, ndipo amauza aliyense womukweza kuti iye ndale anayamba ali m'thewera.

Zomwe zinatayika kwathu tsiku limenelo si zambiri: patapata imodzi, chisoti cha ulusi, ndi dengu la tomato lomwe amama analisiya poyera mumsika atamva kuti pakhomo palibe munthu. Nsalu sindiiwerengera, popeza inalowa ina yofanana nayo. Chotayika chotsiriza ndi changa. Kuyambira tsikulo amama ankapita naye Wongani kumsika, ndipo sanandipatsenso kuti ndimubereke, ngakhale kamodzi, mpaka anayamba kuyenda yekha.