Chikhatho cha Mkulu wa Maekizozi

Mkulu amene amamanga maekizozi, mapaipi otulutsa utsi wa malole, pagalaja ya kuseri kwa msika sakhulupirira maso. Akamanga paipi, amasiya injini ikulira, amatseka kumapeto ndi kansanza, n'kumayendetsa chikhatho m'mbali mwa chitsulocho kuti amve pomwe mpweya ukuthawira. Amati utsi wakuda ndi wachilungamo, wakupha suoneka.

Tsiku lina dalaivala wina anabwera akudandaula za phokoso chabe. Mkuluyo anakwawira pansi pa lole, ndipo chikhatho chake chinakaima kunsi kwa kabedi ka kuseri kwa mpando, pomwe mpweya unkathawira.

"Pamwambapa amagona ndani?" anafunsa.

"Kamwana kanga, bambo, tikakhala paulendo."

"Kamavuta kudzuka, eti?"

Dalaivalayo anagwira chitseko cha lole. Mwezi wonse ankadzitama kwa anzake kuti mwana wake salira m'lole.