Woyendetsa Anthu Osadandaula

Dzina lakuti Chifatse sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi madalaivala anzawo, aja ankakhala kumbuyo kwawo akuliza hutala mwaukali, mpaka atazindikira chimene chanyamulidwa kutsogoloko n'kugwidwa manyazi. A Chifatse ankayendetsa galimoto ya maliro. Ntchitoyi anaiyamba tsitsi lili bii, ndipo pamene inkatha n'kuti mutu utachita mbuu.

Poyamba penipeni anali otsuka magalimoto pa galaja ina. Mwini kampani yonyamula maliro ankabweretsa galimoto yake yakuda pamenepo, ndipo ikangolowa pageti anyamata onse ankabalalika, wina akuti mutu ukundiwawa, wina akuti ndatumidwa. A Chifatse okha ndi amene ankakwera kumbuyo kuja ndi ndowa ya madzi, kupukuta zitsulo zotsetserekapo bokosi, kutola maluwa ofota m'makona. Bwana uja anawaona mtima, anawaphunzitsa chiwongolero, kenako anawagulira jekete lakuda.

Ntchito yawo ankaikonda, ndipo sankabisa. "Anthu anga ine sadandaula," ankatero akakhala pakhonde madzulo. "Salimbirana mpando wa pawindo, sanena kuti mwandipitiriza." Anthu ankaseka mokakamiza n'kusintha nkhani. Koma pansi pa nthabwalayo panali ulemu weniweni. Kwa a Chifatse, munthu ukamunyamula ulendo wake womaliza sumugwedeza. Nyali zimayaka ngakhale dzuwa liswe mtengo. Wailesi ayi, hutala ayi. Pachitunda umakwera tayala limodzilimodzi, ndipo ukafika sulowa chamutu, umatembenuka n'kubwerera chambuyo mpaka pakhomo kuti onyamula asavutike.

Bwana uja atamwalira, anamunyamula ndi a Chifatse omwewo, misozi ikugwera pa jekete. Maluwa asanaume pamanda, ana ake anali atayamba kale kukokerana magalimoto. Wina anatenga iyi, wina anagulitsa iyo, kampani n'kutha ngati makatani. A Chifatse anabwerera kunyumba wapansi.

Ulova ndi woipa pa msinkhu uliwonse, koma pa msinkhu wawo unali wochititsa manyazi. Anayenda mpaka nsapato zinayamba kumwa madzi. Mwini minibasi wina anawayesa ulendo umodzi n'kuwauza kuti, "Madala, mwa mayendedwe amenewa mapasinjala azikafika atakalamba." Ku kampani ya buledi zonse zinkayenda bwino mpaka atafunsidwa kumene ankagwira kale. Mkulu wa kumeneko anakankhira mpando wake kumbuyo pang'ono n'kunena kuti anthu akamva sangagulenso buledi. Kusukulu ina ya ana aang'ono sanawalole n'komwe kumaliza chiganizo. A Chifatse zinawapweteka kwambiri. Anthu omwewo, tsiku la tsoka likawagwera, ankawagwira mkono n'kumati zikomo bambo, mwatisungira ulemu.

Kunyumba akazi awo anali atayamba kuchapira anthu zovala. Zala zinang'ambika ndi sopo, msana unkawawa, koma sankanena kanthu. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunkawadya a Chifatse kuposa kulalatiridwa.

Tsiku lina kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene ankaphika kunyumba ya mayi wina wolemera.

"Alamu, ndakuyankhulirani," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Adona akufuna dalaivala. Bambo awo akudwala, ndiye pamafunika wowapititsa kuchipatala pafupipafupi. Uja analipoyu amuchotsa, ankawathamangitsa madala m'maenje ngati wanyamula matumba a simenti. Mawa m'mawa akakuyeseni."

A Chifatse anaimirira. Akazi awo anasiya kufinya chovala.

"Koma mundimvetse bwino," alamu anapitiriza atatsitsa mawu. "Adona aja mawu akuti maliro safuna kuwamva. M'nyumba muja ngakhale nkhuku ikafa timati yagona. Ndawauza kuti munkayendetsa galimoto ya kampani, yonyamula anthu."

"Ndiye mwanamatu, alamu."

"Ndanama pati? Sanali anthu? Inu mukangoyendetsa basi, pakamwa mutseke. Mukalakwitsa, ndiye kuti mwandithira mchenga m'mbale inenso."

M'mawa mwake akazi awo anabisa jekete lakuda lija n'kuwapatsa malaya obiriwira obwereka kwa aneba. Anawakonza kolala, anawayang'ana m'maso nthawi yaitali. "Bambo, iyi yokha isatidutse," anatero.

Nyumba ya adona inali ya mpanda wautali, galimoto yoyera ili pabwalo, yonyezimira. Adona anatuluka foni ili m'manja, mayi wojintcha, wa maso otupa ngati munthu amene sakugona mokwanira. Anawayang'ana a Chifatse kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kuwapatsa makiyi.

"Ndimafuna munthu wodekha, koma osati wogona. Dokotala akutidikira. Mukatifikitsa bwino, ntchito ndi yanu."

Alamu ndi wantchito wina anatuluka atawagwirizira madala m'khwapa. Anali munthu wamtali amene matenda anamudya mpaka kutsala mafupa, chipewa chaubweya kumutu, bulangete pamapewa. A Chifatse atangoona anthu awiri anyamula wachitatu, miyendo yawo inanyamuka yokha. Anazungulira galimoto n'kutsegula chitseko chachikulu cha kumbuyo, choikirako katundu.

"Kumbuyoko mukufunako chiyani?" anafunsa adona.

A Chifatse anatseka chitseko chija msanga. Alamu anawatong'olera maso.

"Ndimaona ngati tayala lapadera lilipo, adona."

"Chabwino. Uja analipoyu sankaona n'komwe."

Madala anawakhazika pampando wa kumbuyo, mutu atautsamiritsa papilo, adona pambali pawo. A Chifatse analiza injini. Dzanja lamanja linapita lokha pa nyali, koma analigwira lisanayatse n'kulibwezera pa chiwongolero. Anadziuza mumtima kuti lero ayang'anira chala chilichonse.

Msewu unali wodzaza. A Chifatse ankayenda monga ankayendera moyo wawo wonse, ndipo njinga zinkawapitirira. Pagalasi ankaona adona akuyang'ana wotchi, kenako msewu, kenako wotchi.

"Bambo dalaivala, kodi galimotoyi ilibe giya ina? Mukuyenda ngati tikuperekeza..." Mawu otsalawo anawameza, n'kuwakonzera bambo awo bulangete. "Tafulumirani, chonde."

A Chifatse anaponda. Galimoto inalumpha ngati yaopsezedwa. Anapitirira lole, anapitirira basi, ndipo munthu wina atadutsa mosayang'ana, analiza hutala. Phokosolo linawadzidzimutsa iwo eni kuposa wodutsayo. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, malaya a aneba n'kumata pamsana. Atafika pachitunda phazi linakana. Anatsitsa liwiro, anakwera tayala limodzilimodzi, ndipo madala sanabuule n'komwe. Adona anapumira m'mwamba.

Foni ya adona inalira. Anali dokotala, kapena wina wa kwa dokotala. "Tafika, tafika, tili pafupi," ankatero. Madala anali atatsinzina, kukamwa kuli yasa, mpweya ukumveka patalipatali. A Chifatse maganizo awo onse anali pa phazi, pa galasi, pa nyali zosayatsa, pa mpweya wa madalawo. Manja okha ndi amene anaiwala kuwayang'anira.

Chipatalacho a Chifatse ankachidziwa ngati m'thumba mwawo. Analowamo kosawerengeka, mvula ndi dzuwa. Koma pa moyo wawo wonse anali asanalowerepo pa geti la kumaso. Choncho mpanda wa chipatala utangoyamba kuoneka, manja anakhotetsa chiwongolero kulowa kamsewu kakang'ono ka m'mbali, kodutsa pa mitengo ndi pa dzenje lootcherapo zinyalala. Adona anali pafoni, mutu uli pansi. Mlonda wa pa geti la kumbuyo atasuzumira n'kuona nkhope yodziwika, anamwetulira, anatsegula osafunsa. Galimoto inatembenuka mwaluso pabwalo la simenti, inabwerera chambuyo pang'onopang'ono, n'kuima ndendende pa chitseko chachikulu chachitsulo.

A Chifatse anazimitsa injini. Pamenepo m'pamene anamva fungo la mankhwala aja, n'kuona mabenchi aatali, azimayi atakhala duu atafunda kumutu, ndi bokosi latsopano litatsamira khoma. Anali pa mochale.

Dzanja linathamangira pa kiyi, koma anali atachedwa. Chitseko chachitsulo chinatseguka, ndipo panatuluka wantchito wa m'menemo, mnzawo wakalekale, atavala majombo ndi epuloni ya pulasitiki, akukankha kabedi ka mateyala.

"A Chifatse! Mwasowatu inu! Mwayambanso? Eee, ndipo ya ulendo uno ndi yoyera!" Anasuzumira pawindo la kumbuyo, anaona madala ali tsinzinu, kukamwa kuli pululu. Anavula kapu n'kuigwira pachifuwa. "Pepani mayi, pepani kwambiri. Atisiya nthawi yanji?"

Foni inagwa m'manja mwa adona. Madala anatsegula diso limodzi, kenako linalo, n'kumuyang'ana wa epuloni uja.

"Sindinanyamuke, mwana wanga," anatero ndi mawu a manong'onong'o.

Wa epuloni anabwerera chambuyo mpaka kugunda kabedi kake. Azimayi a pabenchi anadzutsa mitu. Adona sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anawakumbatira bambo awo, kuwaphimba nkhope ndi dzanja kuti asaone chitseko chija.

"Tichotseni pano," anatero motsitsa. "Tichotseni pano msanga."

Ulendo wozungulira mpanda kukafika ku geti la kumaso unali waufupi, koma a Chifatse anauona kutalika kuposa maulendo onse a kumanda. Pa geti la kumaso anachita kufunsa mlonda kumene odwala amatsikira.

Ataima, adona anatsika osawayang'ana n'kulowa m'katimo kukaitana anamwino. M'galimoto munatsala anthu awiri.

"Dalaivala."

"Wawa, bambo."

"Ntchito yako inali imeneyi?"

"Inali imeneyi, bambo. Ndikhululukireni. Sindinachitire dala, ndi manjawa."

Madala anakhosomola nthawi yaitali. A Chifatse anaganiza kuti akutsamwa, koma atatembenuka anaona kuti akuseka, misozi ili m'masaya.

"Miyezi yonseyi aliyense akundiuza kuti ndikuoneka bwino. Dokotala, abusa, mwana wangayu. Munthu umatopa nako kuvomera." Anapuma kaye. "Tandiuza. Ukawanyamula anthu ako aja, m'maenje umatani?"

"Ndimazemba, bambo. Likakhala losazembeka ndimalowamo pang'onopang'ono."

"Ndinamva pachitunda paja. Chiyambire kudwala, lero ndi loyamba kufika kuno msana usakundibaya." Anatambasula dzanja lowonda n'kugwira phewa la a Chifatse. "Ntchito ya lero waiphonya, usadzinamize. Mwana wangayu ndimamudziwa, ali ndi mantha, ndipo munthu wamantha sakhululuka msanga. Koma ulendo winawo ndikufuna udzandiyendetse ndiwe. Ndimuuza, mawu amenewo sangawakane. Galimoto adzabwereka, koma pa chiwongolero pakhale iwe. Wandimva?"

"Bambo, musayankhule choncho."

"Iwenso wayamba? Ndati wandimva?"

"Ndamva, bambo."

Adona anabwera ndi anamwino awiri ndi mpando wa mateyala. A Chifatse anatsika msanga, anatsegula chitseko, anawerama kuti awathandize madala kutsika.

"Musawagwire!"

Mawu a adonawo anamveka bwalo lonse. Anthu a pamzere anatembenuka. A Chifatse anabweza manja n'kuwaika kumbuyo. Anamwino anawanyamula madala mokoka, mwendo umodzi n'kugunda chitseko, madala n'kubuula. A Chifatse anangoluma mlomo.

Adona anatambasula dzanja. "Makiyi."

Anawapereka ndi manja awiri.

"Achimwene a akazi anuwo ndikaonana nawo kunyumba," anatero adona. "Inu musadzapondenso pakhomo panga."

Anatembenuka n'kutsatira mpando uja. Pakhomo la chipatala madala anadzutsa dzanja pang'ono osacheuka, kenako chitseko chinatsekeka.

A Chifatse anaima pabwalopo kanthawi, malaya obwereka atanyowa, magalimoto akuwazemba. Anaganiza za alamu awo amene mwina pofika madzulo akhala atavula epuloni ya kukhitchini. Anaganiza za akazi awo amene nthawi imeneyo anali pa beseni, khutu lili ku msewu. Akawauza chiyani? Ntchito anali ataipeza ndithu, ya tsiku limodzi, yoti munthu wa mtima sangaipempherere kuti ifike msanga. Ndipo chimene chinawaopsa kwambiri n'chakuti atangotuluka pa geti, anadzipeza akuganizira kale njira yopanda maenje yochokera kunyumba ya adona.