Nkhope ya Amayi pa Laputopu ya Alamu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, mvula itangosiya kumene, pamene kwathu kuseri kwa Kasakula kunafika kamera ya kanema. Inali nyengo yofukula mtedza. M'zigafa fodya anali atayamba kufiira, ndipo ukadutsa pakhomo lililonse unkamva fungo la maungu ophika ndi la dothi lokutumulidwa m'makoko a mtedza.

Achimwene anga a Petulo anali atatha zaka zisanu ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni pa golosale ina ya ku Kasakula, kenaka kunangoti zii. Amene ankabwera ndi nkhani zawo anali a Gelevazio a m'mudzi woyandikana nafe, omwe ankakhala nawo dera limodzi kumeneko. Ulendo umenewo a Gelevazio anawauza amayi mosapsatira kuti mwana wanu sakudwala ayi, koma zinthu sizinamuyendere, ndiye akuchita manyazi kubwera kumudzi chimanjamanja. Amayi sankadziwa kulemba. Makalata awiri amene ndinawalembera ine sanayankhidwe, ndipo iwo ankati vuto lake n'lakuti kalata ilibe maso. Ankafuna kuti mwana wawo awaone akulankhula. A Gelevazio ankabwerera ku Joni Lamulungu masana, ndipo akanati apite opanda uthengawo, tikanadikira chaka china chathunthu.

Nzeru ya kanema inachokera kwa alamu a Mbewe, amuna awo a achemwali anga a Jusitina. Anali mphunzitsi wa sekondale, munthu wa tayi ngakhale Loweruka, ndipo anali ndi laputopu yakuda, yolemera ngati njerwa zitatu. Kamerayo anakabwereka kwa Bambo Mfumu ku parishi. Inali ndi katepi kakang'ono ngati kabokosi ka machesi, koma katepiko sikakanatumizidwa chifukwa kanali ka eni ake, komanso achimwene analibe poti akakaonere. Alamu anati tijambule, tisamutse kanemayo kupita mu laputopu, kenaka timuike pa fulashi yoti a Gelevazio angoiponya m'thumba.

Panali vuto limodzi. Alamu, ndi tayi yawo yomweyo, anali mwana wa m'mapiri a ku Mvera, woleredwa ndi mwambo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira m'tchire, n'kupatsana moni mogwada, nkhope zitaloza kwina. Alamu anali atakhala pabanja zaka zitatu, koma ankawadziwira amayi ku chitenje ndi ku mawu basi. Ine ndinawaonapo tsiku lina akulowa m'chitsamba cha minga ndi njinga yomwe, chifukwa chakuti amayi anatulukira pakona atasenza nkhuni. Choncho zoti iwo n'kuloza kamera pankhope ya amayi zinali zosatheka. Achemwali anakana, ati manja awo amanjenjemera. Ntchito inagwera ine.

Loweruka m'mawa alamu anandiphunzitsa pansi pa mtengo wa mapeyala. Anandilowetsa dzanja m'kalamba kogwirira kamerayo, n'kundionetsa batani lofiira loyambira ndi kuimitsira. Anandichenjeza kuti ndisakhudze china chilichonse. Iwo atangopotoloka kupita kudimba, ine ndinakhudza china chilichonse. Ndi mmene ndinatulukira kabatani kena kapamwamba, koti ukakankha, chinthu chakutali chimabwera pamphuno pako. Ndinakoka nkhuku, ndinakoka phiri, ndinakoka chala cha kuphazi cha achemwali. Ndinadziona ngati mfiti.

Amayi anasamba, anadzola mafuta, navala chitenje cha bungwe lawo la kutchalitchi ndi duku loyera. Anayamba ndi kundiyendetsa pakhomo ponse kuti Petulo aone. Tinajambula nkhokwe, mbuzi zinayi ndi ana awo, milu ya mtedza, mtengo wa mango umene achimwenewo anadzala, ndi njinga yawo yakale yomwe inali chipachikireni kudenga. Mbuzi iliyonse anaitchula ndi mbiri yake. Pamapeto anakhala pamphasa, n'kuwongola miyendo, nati tsopano ndilankhule ndi mwana wanga. Ine ndinaima patali ndithu monga anandiuzira alamu, koma ndinaona kuti amayi achepa kwambiri. Ndinakankha kabatani kanga kaja mpaka nkhope yawo inadzaza kagalasi konse. Zimene ankanena sindinazimve n'komwe, chifukwa mtima wanga wonse unali pa kugwira kamera kuti isagwedezeke.

Lamulungu tinachoka ku Misa chothamanga. Alamu anatulutsa tebulo pakhonde la nyumba yawo, naikapo laputopu ndi kamera. Mbiri inali itamveka kale, moti anthu anabwera ndi zovala zakutchalitchi zomwezo n'kudzaza bwalo. Amayi, monga mwa masiku onse, anakakhala kuseri kwa nkhokwe, poti amve koma asaonekere. A Gelevazio anakhala pa chikwama chawo akuyang'ana wotchi, chifukwa matola ya ku Lilongwe inkanyamuka pa Kasakula 2 koloko.

Kwathu kunalibe magetsi. Laputopuyo anaitchaja Lachisanu kusukulu, ndipo batire lake linali lokalamba, lotha ola limodzi likakomera mtima. Alamu anatulutsa kachingwe kotuwa, mbali imodzi nalowetsa pa kamera, ina n'kuyamba kuifunira bowo lake m'nthiti mwa laputopu. Mabowo analipo ambiri, ndipo aliyense pabwalopo anali ndi maganizo ake pa bowo loyenera, ngakhale amene anali asanaonepo laputopu chibadwire. Litapezeka, kachingweko kanali kolobodoka. Ukakasiya, makina awiriwo ankaiwalana. Alamu anandiuza kuti ndikagwire ndi zala ziwiri ndipo ndisayetsemule.

Anatifotokozera kuti kanema wa pa tepi sathamangitsidwa. Tepi imayenera kuyenda payokha kuchokera poyamba mpaka pomaliza, laputopu ikumeza pang'onopang'ono, ndipo mphindi makumi awiri zimene ndinajambula zimafuna mphindi makumi awiri zomwezo. Anabweza tepi, inalira kuti wiii, nadina batani.

Nkhokwe yathu itatulukira pa galasi, bwalo lonse linakuwa. Nkhokweyo inali pomwepo, mapazi khumi kuchokera pamene tinakhala, koma palibe amene anaiyang'ana yeniyeniyo. Mbuzi ya pa galasi italira, ya m'khola inayankha, ndipo amayi ena anaseka mpaka kugwa chagada. Chala cha achemwali chinatulukiranso, chachikulu ngati chinangwa, iwo n'kundilonjeza ndi maso kuti tionana. Amayi ankaoneka patalipatali, chakumsana, akuloza izi ndi izo, ndipo alamu ankapirira poyang'ana pakona ya galasi pamene panali chizindikiro cha batire. Iwo ankaganiza kuti kanema yense ali choncho.

Kenaka chithunzi chinagwedezeka, ndipo nkhope ya amayi inayamba kubwera. Inabwera, inabwera, mpaka inadzaza galasi lonse, maso ali tong'o, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pamphuno ya alamu. Ndipo inalankhula momveka bwino kuti, "Mwana wanga, tandiyang'ana."

Alamu sanaganize n'komwe. Dzanja linangopita lokha, laputopu phaa! kutsekedwa. Anatsetsereka pampando, bondo limodzi pansi, nkhope kumbali, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu kupereka moni kwa tebulo.

Chiseko chimene chinabuka pamenepo sindinachimvenso kwina kulikonse. A Gelevazio anagwa pa chikwama chawo. Achemwali anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Kuseri kwa nkhokwe kunkamveka amayi akutsokomola ndi kuseka pamodzi. Inenso ndinaseka mpaka ndinataya kachingwe.

Tinasiya kuseka alamu atatsegula laputopuyo. Inali itagona, ndipo podzuka inachedwa ngati munthu wa matsire. Zonse zimene inameza zinali zitatayika. Panafunika kubweza tepi n'kuyambiranso ku nkhokwe, ndipo batire linali litapitirira theka. Alamu anawerengera chamumtima, thukuta likutsikira m'kolala, nati mwayi watsala umodzi wokha. Ine ndinkadziwa kuti kabatani kaja ndinakankha ndine.

Amayi anandiitana kuseri kuja. Misozi ya chiseko inali idakali m'masaya, koma mawu anali atasintha.

"Kawauze apongoziwo kuti amene ali m'kabokosimo si ine. Ine ndili kuno. Ayang'ane, ndawalola."

Ndinathamanga kukanena. Alamu anamvetsera atawerama, kenaka anayankha motsitsa mawu.

"Kawathokoze kwambiri. Koma ukawauze kuti masowo ndi omwewo."

Ndiye anachita chimene anthu a kwathu amachikambabe. Anabweza tepi, anadina batani, natembenuza mpando wawo kuti ufulatire tebulo. Anakhala tayi ili bwinobwino, akuyang'ana phiri, nandiuza kuti kuyambira pano maso awo ndine. Ndizigwira kachingwe, ndiziwauza zimene zikuoneka, ndipo pakatuluka mawu alionse pa galasi ndiwerenge mokweza.

Ulendo wachiwiriwu anthu anakhala chete. Nkhokwe inadutsa, mbuzi zinadutsa, ndipo ndinadana nayo mbiri ya mbuzi iliyonse chifukwa inkadya batire. Zala zanga zinachita dzanzi. Ntchentche inatera pamphuno panga, achemwali n'kuiingitsa ndi nsonga ya chitenje. Alamu ankafunsa kawirikawiri kuti kachizindikiro kafika pati, ine n'kumayankha kuti katsala ngati mpunga umodzi. A Gelevazio anaimirira, nakhalanso. Alamu anawauza osatembenuka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhope ya amayi itabweranso, palibe anaseka. Ndinali pafupi nayo kuposa wina aliyense, ndipo kanali koyamba kumva zimene ananena dzulo lake. Sanadandaule, sanakalipe. Anati mtedza wachita bwino chaka chino, denga la kukhitchini likudontha, ndipo mwana wa Jusitina wayamba kuyenda asanaone malume ake. Kenaka anakonza duku, nati, "Petulo, ine sindinabereke katundu, ndinabereka iwe. Bwera chimanjamanja chomwecho." Ndinalira, ndipo sindikanatha kupukuta misozi chifukwa ndinkaopa kugwedeza kachingwe. Nditayang'ana kumbali ndinaona alamu, ali chifulatire, akuchotsa magalasi awo n'kumawapukuta ndi tayi.

Pa galasi panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi. Ndinawerenga mogwagwada, alamu n'kumasulira kuti batire likutsanzika. Tepi inali itatsala ndi amayi akukweza dzanja kutsanzika nawonso. Galasi litangosanduka la buluu ndinakuwa kuti amayi achoka, ndipo alamu anatembenuka ndi mpando womwe. Zala zawo zinathamanga ngati sizinali za munthu wogwada uja. Analowetsa fulashi, kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, tonse tikukakankha ndi maso. Katafika kumapeto anazula fulashiyo, ndipo asanatsegule pakamwa laputopu inazima yokha.

Nthungululu zinayambira kuseri kwa nkhokwe. Nditawapititsira fulashiyo, amayi anaikulunga m'kansalu, nakamanga mfundo ziwiri, nakaika m'kathumba ka mtedza wokazinga. A Gelevazio anakwera pa keliyala ya njinga ya alamu, chikwama pamiyendo, ndipo anaipeza matola ikuliza kale hutala.

Panapita miyezi iwiri osamva kanthu. Amayi sankaikamba nkhaniyo, koma ndinkawaona akuyang'ana kunjira nthawi iliyonse galu akauwa. Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, kukuwomba kamphepo kozizira ka m'mapiri, tinali pabwalo tikukonola chimanga. Munthu wowonda, wovala jekete lalikulu, anaima pafupi ndi mtengo wa mango atanyamula kachikwama kamodzi kakang'ono. Ine sindinawazindikire.

"Amayi, munati ndibwere chomwechi," anatero.

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, chitsononkho chili m'manja. Kenaka anasendera pamphasa kuti papezeke malo.

"Nanga waimiranji? Sukuona kuti chimanga chachuluka?"

Achimwene anakhala pansi, natola chimanga chimodzi. Sanathe kukonola ngakhale mzere umodzi, chifukwa amayi anali atawagwira kale mutu n'kuuika pachifuwa pawo, akulira ndi kuseka, akuitana mudzi wonse.

Masiku ano kachingwe kaja palibe angakadziwe ntchito yake. Pa Kasakula pali mafoni ojambula m'thumba la aliyense, ndipo mwana wanga amatumiza kanema kwa anzake m'kanthawi koti ine ndisanamalize kumufunsa chimene akuchita. Anyamata a kwathu amene ali ku Joni amalankhula ndi amayi awo akuonana nkhope Lamulungu lililonse, ndipo ndi chinthu chabwino, sindingachinyoze. Koma ndaona kuti popeza amaonana choncho, ambiri zaka zikungopita osaponda pakhomo. Achimwene anawaona amayi kamodzi kokha, pa kompyuta ya eni ake m'kasitolo kena ka ku Joni, ndipo sabata yomweyo anayamba kufunsa za basi yobwera kumudzi.